Mfuti za airsoft: zoyenera kudziwa musanatulutse ndalama

Mfuti ya airsoft inapangidwa kuti ifanane ndi mfuti yeniyeni kukula kwake, mtundu wake, nthawi zina ndi kulemera komwe, koma mkati mwake mulibe wonga. Chomwe imaponya ndi timikanda ta pulasitiki. Ku South Africa imagulitsidwa m'masitolo popanda laisensi, choncho n'kosavuta kuti ilowe m'chikwama cha munthu wobwerera kumudzi kuchokera ku Joni, kapena kuti ionekere pa foni ikutsatsidwa pa Facebook ndi pa WhatsApp.

Mlimi wa ku Angónia, Tsangano, Macanga kapena Chifunde yemwe wangogulitsa fodya, soya kapena kachewere, akaona chithunzi chake angadzifunse mafunso atatu. Kodi ingathamangitse anyani kumunda? Kodi ingaopseze akuba ng'ombe usiku? Nanga ingakhale mphatso ya mwana? Pa mafunso onse atatu yankho silokondweretsa, ndipo chifukwa chake chagona pa momwe mfutiyi inapangidwira. Mphamvu yake ndi yochepa kwambiri, pomwe maonekedwe ake ndi a chida chankhondo.

Komwe inachokera ndi momwe imagwirira ntchito

Airsoft inayambira ku Japan m'zaka za m'ma 1970. Dziko limenelo lili ndi lamulo lokhwima la mu 1958 lomwe limaletsa anthu wamba ambiri kukhala ndi mfuti, ndiye okonda mfuti anayamba kupanga zofanizira zake zosapha. Pambuyo pake zinasanduka masewera. Magulu awiri amalowa m'bwalo lotchingidwa kapena m'nkhalango yomwe apatsidwa, aliyense atavala zoteteza kumaso, n'kumathamangitsana. Yemwe kamkanda kamugunda amakweza dzanja n'kutuluka. Ntchito yomwe mfutiyi inapangidwira ndi imeneyi basi.

Timikanda take n'tozungulira, topanda chiboo, ndipo kukula kwake ndi mamilimita 6. Topepuka kwambiri timalemera magalamu 0.12, tomwe ambiri amagwiritsa ntchito timalemera 0.20 kapena 0.25. Chomwe chimatikankha ndi mpweya, ndipo mpweyawo umapanikizidwa m'njira zitatu. Pali mfuti za sipuling'i, zomwe munthu amakoka ndi dzanja nthawi iliyonse asanawombe. Pali za gasi. Pali zamagetsi, zokhala ndi batire ndi kainjini mkati, zomwe kampani ya Tokyo Marui inazitulutsa mu 1991, ndipo zimatha kulavula timikanda motsatizana ngati mfuti ya asilikali. Zambiri zili ndi kalabala kakang'ono mkati mwa mpope komwe kamakhudza kamkanda pamwamba kuti kazizungulira chobwerera m'mbuyo, potero kamayandama mumpweya osagwa msanga. Ogulitsa amakatchula kuti hop-up.

Mphamvu ya chowombedwa imayezedwa mu ma joule. Joule imodzi ndi pafupifupi mphamvu ya tomato wa magalamu 100 akagwa kuchokera pa mita imodzi. Kamkanda ka magalamu 0.20 kothamanga mamita 100 pa sekondi kamanyamula joule imodzi yomweyo, ndipo mfuti zambiri za airsoft zili pakati pa joule imodzi ndi ziwiri. Chipolopolo cha AK-47 chimatuluka ndi ma joule pafupifupi 2,000.

Apa m'pomwe anthu amasokonezera zinthu ziwiri. Mfuti ya mpweya yowombera mbalame, yomwe m'Chipwitikizi amati pressão de ar, si airsoft. Iyo imaponya kachipolopolo ka mtovu ka mamilimita 4.5 kapena 5.5, mphamvu yake imaposa ya airsoft kakhumi kapena kupitirira, imapha njiwa ndipo ikhoza kupha munthu ikamupeza pamalo oipa. Wogulitsa wosakhulupirika akhoza kusiya dala wogula akuganiza kuti akugula imeneyi. Njira yodziwira ndi yosavuta: ngati zoikamo zili za pulasitiki, ndi airsoft.

Kumunda ndi kukhola ilibe ntchito

Kamkanda ka pulasitiki n'kopepuka moti mphepo imakapatutsa, ndipo liwiro lake limatha msanga. Kupitirira mamita 40 kapena 50 n'kovuta kulasa chinthu, ndipo kakafika kamakhala katafooka. Nyani wa ubweya wambiri angadzidzimuke tsiku loyamba, koma aliyense yemwe analonderapo chimanga amadziwa kuti nyani sachedwa kuphunzira chomwe chimapweteka ndi chomwe chimangochita phokoso. Mbalame ikawombedwa pafupi imangovulala, kuthyoka phiko kapena kuphulika diso, n'kukafera kutchire. Legeni ya mwana yoponya mwala imagunda mwamphamvu kuposa mfuti zambiri za airsoft, ndipo mwala sagula.

Nkhani ya akuba ndiyo yofunika kuiganizira mofatsa, chifukwa m'pomwe munthu wanzeru zake angakopeke. Kuba ng'ombe, mbuzi ndi mbewu n'kowawa, polisi ili kutali, ndipo malire ali pafupi moti chiweto chikawoloka usiku kuchipeza n'kovuta. Maganizo amakhala akuti wakuba akaona mfuti athawa. Mwina angathawedi. Koma wakuba yemwe sanathawe, amene wanyamula chikwanje kapena mfuti yeniyeni, amachita zinthu ngati munthu yemwe moyo wake uli pangozi. Samaopsezanso, amayamba ndi iye kumenya. Mwini khola amakhala atakweza mkangano kufika pa imfa ndi moyo, chonsecho m'manja mwake muli pulasitiki.

Palinso china. Pamudzi mfuti sibisika. Mwana akangoiona, mawa lake nkhani ili pachitsime kuti kwa auje kuli mfuti, ndipo nkhaniyo ikamayenda mawu akuti "yoseweretsa" amatsalira m'njira. Imafika kwa amfumu, imafika kupolisi, imafikanso kwa achifwamba omwe akufuna chida. Munthu wa mtima woipa akaiba mfuti yotereyi amakaimitsa nayo njinga yamoto pamsewu, ndipo woimitsidwayo alibe njira yodziwira kuti ndi yabodza. Mlandu ukadzabuka, mfutiyo idzalondoledwa mpaka kwa yemwe anaibweretsa.

Maonekedwe ake ndiwo ngozi

Opanga airsoft amapikisana pa kufananitsa. Za mtengo wokwera zimakhala zachitsulo ndi matabwa, moti ngakhale wodziwa mfuti amafunika kuigwira kuti aizindikire. Madzulo, kapena pa mtunda wa mamita 20, palibe angasiyanitse.

Ku United States lamulo limati mfuti zofanizira zizigulitsidwa zili ndi mtundu wa olenji kukamwa kwake. Komabe kachizindikiro kameneka kamathyoka kapena kuchotsedwa. Mu October 2013, ku Santa Rosa m'chigawo cha California, wapolisi anawombera ndi kupha mnyamata wa zaka 13 yemwe amayenda pamsewu atanyamula airsoft yofanana ndi AK-47. Mu November 2014, mumzinda wa Cleveland, mwana wa zaka 12 anaphedwa ndi wapolisi ali pabwalo la masewera ndi kamfuti ka airsoft ka m'manja. Mfuti zonse ziwiri zinalibe kachizindikiro ka olenji kaja.

Kuno nkhaniyi ili ndi kulemera kwakekwake. AK ili pa mbendera ya Mozambique pamodzi ndi khasu ndi buku, koma akuluakulu a m'maboma a m'malire sanaidziwire pa mbendera. Anaiona m'midzi pa nthawi ya nkhondo yomwe inatha ndi pangano la ku Rome la pa 4 October 1992, nkhondo yomwe inathamangitsira anthu miyandamiyanda ku Dedza, Ntcheu, Mwanza ndi madera ena a ku Malawi. Mu 1995 bungwe la mipingo la Conselho Cristão de Moçambique, motsogozedwa ndi bishopu Dinis Sengulane, linayambitsa ntchito ya Transformação de Armas em Enxadas, yosinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga ndi makina osokera. Zina mwa mfutizo zinadulidwa n'kuwotcheredwa kukhala zosema, ndipo mpando wopangidwa nazo uli ku British Museum mumzinda wa London. Mnyamata wobadwa nkhondo itatha akanyamula AK ya pulasitiki kudutsa pamsika amaona ngati nthabwala. Agogo omwe akugulitsa nyemba pamsika womwewo saiona choncho. Ndipo khamu la anthu likaganiza kuti lagwira chigawenga, silidikira kuti afotokoze.

Lamulo limasintha pa malire aliwonse

Mayiko omwe amalola masewerawa anawaikira mipanda. Ku Japan komwe anayambira, kuchokera mu 2006 mphamvu ya mfutizi siyenera kufika pa joule imodzi yathunthu. Ku Britain lamulo la mu 2006 limaletsa kugulitsa mfuti yofanizira yooneka ngati yeniyeni kwa munthu wosatha kusonyeza chifukwa chovomerezeka, ndipo ena onse amagula zopakidwa mitundu yowala. Ku Portugal lamulo la zida, Lei 5/2006 ndi zosintha zake, limati mfuti ya masewera ipakidwe utoto wachikasu kapena wofiira wowala kukamwa ndi kumbuyo kwake, mphamvu yake isapitirire ma joule 1.3, ndipo mwini wake akhale membala wa bungwe la masewera lovomerezeka.

Ngakhale ku South Africa, komwe kugula n'kosavuta, lamulo la Firearms Control Act la mu 2000 limati kuloza munthu popanda chifukwa chomveka ndi chinthu chilichonse chomwe angachiyese mfuti ndi mlandu. Sitolo imagulitsa, koma khoti limazenga.

Tsono lisiti ya sitolo ya ku Johannesburg imangosonyeza kuti katunduyo sanabedwe. Si chilolezo chowolokera nayo malire. Basi yochokera ku Joni imadutsa Beitbridge kulowa mu Zimbabwe, imatulukira pa Nyamapanda n'kulowa mu Mozambique pa Cuchamano, ndipo opitirira ku Malawi amawolokanso pa Zóbuè kapena pa Calómuè. Malo onsewa ali ndi apolisi awo, a alfândega awo, omwe kutsidya amati akasitomu, ndi malamulo awoawo. Wofufuza chikwama akapeza chinthu chooneka ngati mfuti chitakulungidwa m'bulangeti, sayamba ndi kuyeza ma joule. Chomwe chingatsatire ndi kulandidwa katundu, kutsitsidwa m'basi, mwinanso kugona m'chitokosi mpaka nkhani itamveka. Woyendetsa basi kapena wachibale yemwe wangotumidwa kunyamula phukusi losadziwa za mkati ndiye amavutikira zomwe sanagule. Chimodzimodzi wodutsa njira zachidule za m'mudzi kupita kumsika wa tsidya lina: mapazi ochepa okha, lamulo lasintha kale.

Mu Mozambique nkhani za zida zimayendetsedwa ndi Regulamento de Armas e Munições, lomwe linakhazikitsidwa ndi Decreto 8/2007, ndipo zilolezo zimadzera ku polisi ya PRM. Choyenera kuchita munthu asanalipire kalikonse ndi kupita ku Comando Distrital ya PRM ndi chithunzi cha mfutiyo, dzina lake ndi mphamvu yake, n'kufunsa ngati ikuloledwa kulowa m'dziko ndi kusungidwa pakhomo, komanso mapepala omwe akufunika. Apite ndi chithunzi, osati mfutiyo. Yankho likakhala lolembedwa ndi bwino koposa, chifukwa mawu a pakamwa sathandiza pa malo ofufuzira pamsewu. Mawu a wogulitsa akuti "palibe vuto" ndi a munthu yemwe akufuna ndalama. Ndipo chilichonse chomwe apolisi angayankhe, kuopseza munthu ndi mlandu paokha, kaya chida chinali chachitsulo kaya chapulasitiki.

Kwa yemwe walolezedwa ndipo akufunadi masewerawo

Choyamba kugula si mfuti, ndi magalasi oteteza maso. Joule imodzi pakhungu imangosiya kabala kofiira kapena chithuza, koma ikaunjikana pa mamilimita 6 a diso imatha kutaya magazi mkati mwa diso, kung'amba mbali zake za mkati, ngakhale kulichititsa khungu. Dzino nalo limathyoka. Magalasi oyenera ndi otseka mbali zonse, omangidwa ndi lamba kumutu, ndipo amakhala ndi chizindikiro chosindikizidwa. Pa muyezo wa ku Ulaya wa EN 166, chilembo B chimatanthauza kuti anayesedwa ndi kampira kachitsulo kothamanga mamita 120 pa sekondi. Chilembo F n'cha mamita 45 pa sekondi okha, omwe sakufika ngakhale pa joule imodzi. Pa muyezo wa ku America pamalembedwa Z87+. Magalasi adzuwa a pamsika ndi mandala owerengera amasweka n'kuwonjezera zidutswa m'diso. Magalasi a sefa yawaya amatchinga kamkanda kathunthu koma tizidutswa timadutsa. Ndipo magalasi amafunika kwa aliyense yemwe ali pafupi, osati wowombera yekha, zomwe zikutanthauza kuti pabwalo la pakhomo pomwe ana akusewera ndi amayi akupeta si malo ake.

Chachiwiri ndi chikwama chotseka. Mfuti yotereyi siyenda poyera, silowa mu chapa, sipita kusukulu, kumsika, kumowa kapena kumsonkhano. Ngati ili ndi utoto wowala kapena kachizindikiro ka olenji, kuchotsa kapena kupaka utoto wakuda ndiko kuchotsa chinthu chokhacho chomwe chingachititse wapolisi kudikira sekondi imodzi.

Pa mfuti yeniyeniyo, ogulitsa amakonda kulemba liwiro mu FPS, kutanthauza mafiti pa sekondi. FPS 330 ndi pafupifupi mamita 100 pa sekondi. Nambalayi payokha siuza kanthu ngati sananene kulemera kwa kamkanda komwe anayezera. FPS 400 pa kamkanda ka 0.12 safika pa joule imodzi, pomwe FPS 400 yomweyo pa ka 0.20 ndi pafupifupi joule imodzi ndi theka. Zotsika mtengo zambiri zimalembedwa nambala yayikulu pabokosi chifukwa zinayezedwa ndi timikanda topepuka.

Kusankha pakati pa mitundu itatu ija kumadalira komwe munthu akukhala. Ya sipuling'i sifuna kanthu kena koma dzanja, koma zotchipa zake zimathyoka msanga ndipo zipangizo zosinthira sizipezeka. Ya gasi imadalira chitini cha green gas, yemwe ndi propane wosakaniza ndi mafuta a silikoni, kapena timabotolo tachitsulo ta CO2 ta magalamu 12. Gasi akatha, mfuti imasanduka chokongoletsera mpaka wina adzabwere naye kuchokera kumzinda. Kukazizira mphamvu ya gasi imatsika, choncho m'mawa wa June ndi July ku Tsangano imawomba mofooka. Zitini zimenezi siziyenera kusiyidwa padzuwa, pafupi ndi moto kapena m'chigafa chowotchera fodya. Yamagetsi imafuna batire, kawirikawiri ya NiMH ya mavoti 8.4 kapena 9.6, kapena ya LiPo ya 7.4 kapena 11.1. Ya LiPo imafuna chaja yakeyake. Ikalumikizidwa pa waya wa sola mwachisawawa, ikabooka kapena ikafufuma, imatha kuyaka moto wovuta kuzimitsa, ndipo m'nyumba ya denga la udzu zimenezi si zazing'ono. Iyenera kuchajidwa pa simenti kapena pa dothi, munthu ali pomwepo.

Timikanda nato tili ndi zake. Tabwino timakhala tosalala, topanda msoko pakati. Ta msoko timatsekereza mpope ndipo timasweka tikagunda chinthu. Totola pansi sitibwezedwa mu mfuti chifukwa mchenga umakanda mkati. Ta pulasitiki wamba sitiola, timatsala m'nthaka, nkhuku zimatijompha ndipo mwana wokwawa amatiika m'kamwa, m'mphuno kapena m'khutu. Pali tina tolembedwa kuti bio, topangidwa ndi pulasitiki yochokera ku sitachi ya chimanga. Timaola, koma pang'onopang'ono kwambiri.

Zina zonse zomwe amatsatsa pamodzi ndi mfutizi, monga tochi, galasi loyang'anira patali, chotsekera phokoso chabodza ndi zovala zamawangamawanga, sizionjezera kanthu pa mphamvu yake. Zimangoifananitsa kwambiri ndi chida chankhondo. Zovala zonga za asilikali m'dera la m'malire zimabweretsa mafunso ena omwe munthu sangakonde kuyankha. Za kulipiriratu pa M-Pesa kapena e-Mola kwa munthu wongodziwana naye pa foni, katundu asanaoneke, aliyense akudziwa momwe zimathera nthawi zambiri, ndipo wobedwa pa malonda a chinthu chomwe sanafunsire chilolezo amachita manyazi kukadandaula kupolisi.

Mwana ndi diso

Mayiko ambiri omwe ali ndi malamulo pa airsoft amaika zaka 18 ngati msinkhu wogulira. Chifukwa chake n'chodziwikiratu: mwana akapatsidwa mfuti amaloza mnzake, ndiwo masewera ake. Sadziwanso kuti kuchotsa magazini, kabokosi kosungira timikanda, sikutanthauza kuti mfuti ilibe kanthu, popeza kamkanda kamodzi kamatha kutsalira mkati. Ngozi zotere zimachitika pafupi, m'nyumba, wina akuonetsa mnzake. Kholo lomwe lalandira mphatso yotereyi kuchokera kwa wachibale wa ku Joni silinalakwe likaitsekera m'bokosi n'kukafunsa kupolisi chochita nayo.

Kamkanda kakagunda diso, wovulalayo asalitikite ndipo pasapezeke woyesa kuchotsa kanthu, kutsuka mwamphamvu kapena kuthira mankhwala azitsamba, mkaka kapena madzi a shuga. Diso liphimbidwe ndi chinthu cholimba chosalikhudza, monga kapu ya pulasitiki yoyera yodulidwa n'kumatidwa pamphumi ndi patsaya. Wovulalayo akhale tsonga, mutu uli m'mwamba, ndipo asamwe aspirini chifukwa amawonjezera kutaya magazi. Apite kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale ululu utachepa ndipo akuona bwino, chifukwa magazi a mkati mwa diso amatha kuyambiranso kutuluka patapita masiku angapo. Ku chipatala chaching'ono apemphe kalata yomutumiza kwa oona za maso, ndipo anyamule kamkanda kamodzi kuti adokotala aone chomwe chinamugunda.